Opaleshoni munthu asanadwale: alipire ndani?

M'mabanja ena khansa imabwereza. Idatenga agogo, idatenga azakhali asanakwanitse zaka 45, lero yagwira mkulu wanu, ndipo onsewa idawayambira m'bere. Ku Chileka ndi ku Lirangwe nkhani yotere imakonda kuthera kolozana zala: wina akuti ndi tsoka la pamtundu, wina akuti alipo amene akudziwapo kanthu. Achipatala ali ndi yankho lawo, ndipo yankholo limadza ndi njira yowawa kuimva: kuchotsa mawere, kapena mabasiketi a mazira, a mayi amene sakumva kupweteka paliponse, kuti khansayo isapeze poyambira. Kumayiko kumene opaleshoni yotere idazolowereka, mkangano waukulu suli pa mpeni wa dokotala ayi, uli pa ndalama. Kodi inshulansi ya zachipatala ilipire opaleshoni ya munthu amene sadadwale? Mabanja otere alipo pakati pathu, choncho funsoli ndi lathunso.

Tiyambe ndi zochitika m'thupi. Pafupifupi selo iliyonse ya munthu imanyamula malangizo otchedwa DNA, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. M'malangizomo muli zigawo ziwiri, BRCA1 ndi BRCA2, zimene ntchito yake ndi kukonza DNA ikawonongeka. Tonse tili nazo, amuna ndi akazi omwe. Vuto limadza munthu akabadwa ndi chimodzi cholakwika: zowonongeka zimaunjikana osakonzedwa bwino, mpaka selo ya m'bere kapena ya m'basiketi la mazira imayamba kuswana mosaletseka. Katswiri wa ku America, Mary-Claire King, ndiye adaonetsa mu 1990 kuti chigawo chotere chilipo. BRCA1 idapezeka mu 1994, BRCA2 mu 1995. Kholo lokhala ndi cholakwikachi likabereka, mwana aliyense akhoza kutengera kapena osatengera, mwayi wake ndi theka kwa theka.

Manambala ake ndi oopsa. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2017 adapeza kuti mwa amayi 100 obadwa ndi BRCA1 yolakwika, pafupifupi 72 amadwala khansa ya m'mawere pofika zaka 80, ndipo 44 amadwala ya m'mabasiketi a mazira. Pa BRCA2 ndi 69 ndi 17. Kuchotsa mawere onse awiri khansa isanayambe kumachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi magawo 90 pa 100 kapena kuposa. Kuchotsa mabasiketi ndi njira za mazira n'kofunika kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa khansa ya kumeneko ilibe njira yodalirika yoipezera msanga. Imadziwika itafala kale m'mimba. N'chifukwa chake madokotala amalangiza opaleshoni imeneyi mayi akamaliza kubereka, pa zaka 35 mpaka 40 kwa wa BRCA1, ndi 40 mpaka 45 kwa wa BRCA2.

Dziko lidamva bwino za nkhaniyi mu May 2013, pamene katswiri wa mafilimu Angelina Jolie adalemba mu nyuzipepala ya New York Times kuti wachotsetsa mawere onse awiri. Mayi ake adamwalira ndi khansa mu 2007 ali ndi zaka 56, ndipo iye atayezetsa adapezeka ndi BRCA1 yolakwika. Mu 2015 adachotsetsanso mabasiketi a mazira. Ambiri adatenga nkhaniyi ngati ya azungu olemera. Kulemerako n'koona, koma za azunguzo n'zabodza. Kafukufuku wa ku Nigeria wa mu 2018, amene mmodzi mwa omutsogolera adali dokotala Olufunmilayo Olopade, adayeza amayi 1,136 odwala khansa ya m'mawere. Adapeza kuti 7 mwa 100 aliwonse adali ndi BRCA1 yolakwika, ndipo 4 adali ndi BRCA2 yolakwika. Chiwerengero chimenechi ndi chokwera kuposa chimene chimapezeka mwa odwala ambiri a ku Ulaya. Ku South Africa kuli cholakwika china cha BRCA2 chimene chimapezeka mobwereza m'mabanja a Axhosa ndi amakaladi a ku Western Cape. Palibe chifukwa choganizira kuti magazi a anthu a kwa Kuntaja kapena kwa Chigaru adapatulika.

Pano ndichenjeze, poopa kuti wina angachite mantha pachabe. Khansa zambiri sizakumtundu. Mwa amayi 100 odwala khansa ya m'mawere padziko, otengera kwa makolo ndi pakati pa 5 ndi 10 okha. Ndipo khansa imene ikupha amayi ambiri m'Malawi, ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi oposa 4,000 chaka chilichonse, si yakumtundu konse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene katemera wake adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Mayi ndi mwana wake akadwala khansa imeneyi onse awiri, si magazi.

Opaleshoniyonso si yopepuka. Mayi wochotsedwa mawere sangayamwitsenso, ndipo kwathu kuno, kumene bere ndi ulemu wa umayi, ena amaopa kuti banja lingagwedezeke. Wochotsedwa mabasiketi amasiya kusamba nthawi yomweyo, zaka zake zisanakwane, ndipo mafupa amatha kufooka, mtima nawo umafuna kuuyang'anira. Ambiri amafunika mankhwala obwezera mahomoni kwa zaka. Pali amayi amene amasankha kusachita opaleshoni ya mawere, m'malo mwake n'kumajambulidwa chaka ndi chaka ndi makina a MRI ndi mamogalamu. Chisankho ndi cha mwini thupi. Koma njira zonse ziwiri zimafuna ndalama, ndipo apa ndi pamene inshulansi imalowera.

Amene ali mu banki m'khonde amadziwa thumba la zadzidzidzi: aliyense amaponyamo kangachepe, ndipo amatapamo ndi amene wagwa m'vuto losayembekezeka. Membala atabwera n'kunena kuti, “Sindikudwala, koma ndipatseni ndalama zambiri lero kuti ndisadzadwale zaka khumi zikubwerazi,” gulu lingang'ung'udze. Inshulansi ya zachipatala idamangidwa pa maganizo omwewo. Imalipira matenda amene dokotala wawapeza ndi kuwapatsa dzina. Mayi wa BRCA1 alibe chotupa, alibe bala, alibe ululu. Ali ndi pepala lonena kuti mwina adzadwala. Wowerengera ndalama za kampani akayang'ana pepalalo saona matenda.

Yankho la madokotala ndi lomveka: kuchiza khansa kumadya ndalama zambiri kuposa kuipewa. Opaleshoni yopewera imachitika kamodzi. Khansa ikayamba pamafunika opaleshoni yomweyo, kuwonjezapo mankhwala a m'diripi kwa miyezi, kuwotcha ndi makina, kujambula kobwerezabwereza, ndipo mapeto ake nthawi zina ndi maliro. Nanga bwanji makampani savomera msanga? Chifukwa phindu la kupewa limaoneka patapita zaka khumi kapena makumi awiri, pomwe bilu ya opaleshoni imabwera mwezi uno. Kuno ambiri amene ali pa sikimu ya zachipatala adalowa kudzera kuntchito. Ntchito ikatha, sikimu yatha. Kampani imene yalipira lero ikudziwa kuti pofika nthawi imene khansayo ikadayamba, mayiyo adzakhala ali ku kampani ina kapena pa mzere wa ku chipatala cha boma cha Gulupu. Wopindula ndi wina, wolipira ndi wina. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi chifukwa chake msika paokha sungathetse vutoli popanda lamulo lomanga makampani onse pamodzi.

Pali mbali ina yoopsa kuposa kukanidwa bilu. Munthu akayezetsa n'kupezeka ndi cholakwikacho, zotsatirazo zikhoza kumutembenukira. Pafupifupi inshulansi iliyonse imafunsa za matenda amene munthu adali nawo asanalowe, ndipo imawapatula kapena kumudikiritsa. Kodi chibadwa ndi matenda amene munthu adali nawo kale? Kampani ikati inde, ndiye kuti mayi amene wachita zanzeru poyezetsa walangidwa, pomwe mng'ono wake amene sadayezetse akulandiridwa bwinobwino. Choipitsitsa n'chakuti pepala la munthu mmodzi limaulula za abale ake onse, amene sadavomere kuyezedwa. Mantha amenewa amachititsa anthu kukana kuyezetsa, ndipo khansa imawapeza osakonzeka.

Mayiko ena adalimbana nazo mosiyanasiyana. Ku America lamulo la mu 2008 lotchedwa GINA lidaletsa makampani a inshulansi ya zachipatala ndi olemba ntchito kusala munthu chifukwa cha chibadwa chake, koma lidasiya mpata: inshulansi ya moyo silidaikhudze. Lamulo la zaumoyo la mu 2010 lidachititsa kuti uphungu ndi kuyeza BRCA zilipiridwe kwa amayi a m'mabanja okayikitsa, ndipo lina la mu 1998 limati kampani yolipira kuchotsa bere ilipirenso kuumba lina. Komabe palibe lamulo la dziko lonselo lokakamiza kampani kulipira opaleshoni yopewerayo, choncho zimadalira dera ndi mgwirizano umene munthu adasaina. Mtengo woyezera udatsika kwambiri khoti lalikulu la dzikolo litagamula mu June 2013 kuti kampani ya Myriad Genetics singakhale mwini wa zigawo za DNA zimene munthu amabadwa nazo. Ku Britain zipatala za boma zimayeza ndi kuchita opaleshoniyi ulere kwa oyenera, ndipo boma lidagwirizana ndi makampani a inshulansi kuti asafunse zotsatira za kuyeza kotere, kupatula za nthenda imodzi ya Huntington pa inshulansi ya moyo yoposa mapaundi 500,000. Canada idakhazikitsa lamulo lake loletsa tsankho lotere mu 2017.

Abale athu ogwira ntchito ku Joni akumana ndi dongosolo lina. Lamulo la masikimu a zachipatala la mu 1998 ku South Africa limaletsa sikimu yotsegukira onse kukana munthu kapena kumulipiritsa zambiri chifukwa cha thanzi lake, ngakhale limalola kumudikiritsa miyezi itatu, kapena 12 pa matenda amene adali nawo kale. Lili ndi mndandanda wa matenda pafupifupi 270 amene sikimu iliyonse iyenera kulipira, ndipo khansa ya m'mawere yochizika ilimo. Koma mndandandawo ndi wa matenda amene ayamba kale. Za opaleshoni ya munthu wosadwala zimatsalira ku malamulo a sikimu iliyonse payokha.

Tibwerere kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pafupifupi amayi 99 mwa 100 aliwonse adalibe inshulansi ya zachipatala ya mtundu uliwonse. Ochepa amene ali pa MASM kapena masikimu ena ndi apantchito za m'tauni, ndipo ndi amene amatha kupita ku Mwaiwathu kapena ku chipatala cha Adventist ndi khadi. Mayi wogulitsa tomato pa Lirangwe, kapena wolima nandolo kwa Kunthembwe, inshulansi yake ndi boma. Njira yake ndi yodziwika: ayambire pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kapena pa chipatala cha Mlambe ku Lunzu ngati ali ndi ya m'thumba, alandire kalata, akwere minibasi kudutsa pa Kameza mpaka ku Gulupu. Boma la Blantyre lilibe chipatala chake chachikulu chapaboma, choncho Gulupu imasenza odwala a m'makwalala a mzindawu, a kumidzi ndi otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse chakummwera. Chithandizo n'chaulere, koma thiransipoti, chakudya cha wodikirira ndi masiku osagwira ntchito si zaulere.

Pa mzere wa opaleshoni kumeneko pali amayi amene bere lidatupa kale, ena lidaphulika. Ambiri odwala khansa ya m'mawere m'Malawi amafika itakula, ndipo ambiri ndi achichepere poyerekeza ndi a ku Ulaya. Malemu Blandina Khondowe, amene adali Miss Malawi mu 2002 n'kudzayambitsa Think Pink Malawi, adathera zaka zake zomaliza akulira za kusowa kwa zipangizo zoyezera ndi kuchizira khansa imeneyi, ndipo idamutenga mu 2020 ali ndi zaka 40. Makina owotchera khansa adafika m'dziko muno posachedwa: mu 2024 pa chipatala cholipira cha International Blantyre Cancer Centre, ndipo mu 2025 pa chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe. Zisanatero odwala ankadikira mwayi wotumizidwa kunja, monga ku India. Kuyeza BRCA simungakupeze pa Chileka kapena pa Lirangwe. Wofuna amadalira kuti magazi atumizidwe kunja, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja, zimene zidakwera koopsa kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023.

Wina anganene kuti, poti zinthu zili chonchi, za opaleshoni yopewera tiyambe taziiwala. Mbali ina ndikuvomereza: dokotala amene ali ndi tebulo limodzi ayambe ndi wodwala. Koma sindivomereza kuti kupewa ndi mpeni n'kwachilendo kwa ife. Abambo ndi anyamata zikwizikwi m'boma la Blantyre adachita mdulidwe wa kuchipatala ali bwinobwino, ulere, chifukwa kafukufuku adaonetsa kuti umachepetsa mwayi wotenga HIV ndi magawo pafupifupi 60 pa 100, ndipo padapezeka olipira. Amayi akayezedwa khomo la chiberekero ndi viniga n'kupezeka ndi timabala toyambirira, anamwino amatiwotcha tisanasanduke khansa. Kumeneko n'kuchiza munthu asanadwale.

Ndipo chitsanzo chapafupi kwambiri cha khansa yotsata chibadwa tili nacho m'midzi mwathu momwe: abale athu achialubino. Mwana amabadwa wachialubino akatengera chibadwacho kwa mayi ndi bambo onse awiri, ndipo khungu lake lilibe chomuteteza ku dzuwa. Khansa ya pakhungu imapha ambiri a iwo asanakalambe. Chowapulumutsa ndi mafuta oteteza ku dzuwa, zipewa zazikulu, ndi kuchotsa timabala ta pakhungu tisanasanduke khansa, poumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri kapena podula. Bungwe la Standing Voice limayendetsa makiliniki otere m'maboma angapo mothandizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo bungwe la anthu achialubino la APAM lakhala likukumbutsa boma kuti mafutawo asamasowe m'zipatala. Apa chiopsezo chimaoneka ndi maso, sipafunika kutumiza magazi kunja, ndipo chithandizo chake n'chotsika mtengo. Komabe gawo lalikulu la ntchitoyi likudalira thandizo la akunja. Ngati tikufuna kudziyesa ngati tili okonzeka kulipirira kupewa khansa yakumtundu, mayeso oyamba ndi amenewa, ndipo akuyenera kulowa mokwanira mu bajeti ya boma.

Pa khansa ya m'mawere, sitepe yoyamba siifuna makina. Ndi mbiri ya banja. Zizindikiro zimene madokotala amayang'ana ndi izi: achibale apafupi awiri kapena atatu a mbali imodzi odwala khansa ya m'mawere, wina kudwala asanakwane zaka 50, khansa m'mawere onse awiri, khansa ya m'mabasiketi a mazira mwa wachibale aliyense, kapena mwamuna wodwala khansa ya m'bere. Kuno kwathu, kumene ambiri timatsata chikamwini, za kuchikazi timazidziwa bwino: mbumba imakhala pamodzi, ndipo malume amadziwa amene adadwala chiyani. Za kuchimuna n'zimene zimatisowa, chifukwa bambo adachokera mudzi wina, ndipo ukwati ukatha nkhani za kwawo zimapita naye. Koma theka la chiopsezochi limadzera kwa bambo. Mwamuna amatha kunyamula BRCA2 yolakwika n'kupatsira ana ake aakazi, iye mwini n'kukhalanso pa chiopsezo cha khansa ya prostate. Mayi amene akuwerenga mbumba yake yokha akuwerenga theka la nkhani.

Namwino wa pa sikelo kapena wa kulera atafunsa mafunso amenewa n'kulemba mayankho m'buku la kuchipatala, sipangalowe ndalama zambiri. Mayi wa m'banja lokayikitsa angamapimidwe mawere chaka ndi chaka kuyambira ali wachitsikana, ndipo akamva kam'bulu angatumizidwe ku Gulupu osazengereza, m'malo momupatsa mankhwala opha ululu n'kumubweza. Wodwala amene akuchotsedwa bere limodzi, ngati mbiri ya kwawo ndi yolemera, angakambirane ndi dokotala za linalo ndi za mabasiketi, poti opaleshoni yochotsa mabasiketi madokotala athu a amayi amaichita kale pa zifukwa zina. Kuyeza DNA kukadzafika, kuyambire pa odwala oterewa, chifukwa cholakwika chikapezeka mwa mmodzi, kuyeza abale ake kumaphweka ndi kutsika mtengo. Ndipo kusabwere popanda aphungu. Kuuza mtsikana wa zaka 25 kuti ali ndi chibadwa chotere n'kumusiya yekha ndi nkhanza.

Kwa masikimu a zachipatala, maganizo anga ndi akuti alipire. Anthu oyenera opaleshoniyi ndi ochepa kwambiri, umboni wa phindu lake ndi wolimba, ndipo malire ake ndi osavuta kuika: zotsatira za kuyeza, uphungu, ndi kalata ya dokotala wa khansa. Alembe poyera m'mabuku a mamembala ngati amalipira kuyeza, opaleshoni, kuumba bere lina ndi mankhwala a mahomoni, ndipo kuumba bere asakuike m'gulu la zodzikongoletsa. Kuti kampani imodzi isaope kusenza yokha, Nyumba ya Malamulo iike muyezo umodzi wa onse, ndipo iletse kugwiritsa ntchito zotsatira za chibadwa pokana munthu, pomukwezera mtengo kapena pomuchotsa ntchito. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024 lidayala maziko, koma kusunga chinsinsi ndi kuletsa tsankho ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nthawi yabwino yolemba lamuloli ndi ino, kuyezako kusanafale, pasanakhale wolangidwa.

Inu amene muli pa sikimu ndipo mbiri ya kwanu ikukudetsani nkhawa, yambani mwaonana ndi dokotala, kenaka lemberani sikimu yanu kalata yofunsa zimene imalipira ndi zimene imachita ndi zotsatira za kuyeza, ndipo yankho likhale lolembedwa musanapereke magazi. Inu amene mulibe sikimu, uzani namwino mbiri yonse ya kuchikazi ndi kuchimuna, mupemphe kuti ailembe m'buku lanu. Ndipo ngati mwamva kale chotupa m'bere, chopweteka kapena chosapweteka, musadikire za DNA kapena za inshulansi: pitani kuchipatala sabata ino.